Mkamwini Amene Adamanga Mvula

Kalekale, masiku amene mbalame zinkayankha munthu akazipatsa moni, padali mudzi wa Katope m'mphepete mwa dambo. Sendererani pafupi inu a kumbuyoko, mungadzamve theka n'kumati ndine wabodza.

Anthu a kwa Katope adali okayikira. Ukawapatsa moni, ankayamba ayang'ana m'manja mwako. Ukawapatsa madzi, ankayamba anunkhiza. Ukawapatsa nkhuku, ankafunsa kuti, "Ikudwala chiyani?"

M'mudzi umenewu mudabwera mkamwini wochokera kumapiri, dzina lake Sandalamu. Adakwatira Nankhoma, mwana wa mayi Nangondo, ndipo adamanga nyumba kwawo kwa mkaziyo. Ntchito yake idali yoluka nkhokwe, malichero ndi madengu. Pomanga mfundo ndiye musachite kunena. Tsiku lina adamangirira mbuzi pamtengo. Mbuzi idakalamba, mtengo udagwa, chiswe chidadya chingwe, koma mfundo ilipo mpaka lero.

Sandalamu ndi apongozi ake, mayi Nangondo, sankaonana nkhope. Manyazi a pachipongozi adali olimba nthawi imeneyo. Akakumana panjira, uyu ankalowa patchire kumanzere, awa kumanja, moti minga ya m'deralo inkawadziwa onse awiri. Akafuna kulankhulana ankatuma Nankhoma, ngakhale atayandikana ngati ine ndi inu pano. Choncho mayi Nangondo mkamwini wawo ankamudziwa nkhongo ndi zidendene basi. Ndipo ankakonda kunena kuti, "Nkhongo imene ija sindikuyikhulupirira."

Chaka china dzuwa lidakwiya. Nkhuku zinkaikira mazira owiritsa kale. Milamba ya m'dambo inkabwera kuchitsime kudzapempha madzi akumwa. Chithunzithunzi cha munthu chinkathawira pansi pa mtengo n'kumusiya mwiniwake akuyenda yekha. Chizimalupsa, mvula yoyamba ija imazimitsa tchire lopsa, idagwa m'mawa wina, koma madontho ake adali oti munthu wochenjera akadawazemba onse.

M'mawa womwewo Sandalamu adapita kudambo kukadula bango. Ali mkati modula adamva kanthu kakuphupha m'matope. Atayang'ana adapeza kamwana ka tsekwe katakodwa mumsampha, mwendo wakumanzere utathyoka, ukungolendewera. Msamphawo adauzindikira. Udali wa a Chimbalanga, malume ake a Nankhoma, mwinimbumba, munthu woti akatsokomola akamwini onse ankaimirira.

Katsekwe kadamuyang'ana ndi diso limodzi.

"Bwerani, a Munthu, dzamalizeni," kadatero. "Koma ndikuuzirenitu, ndine mafupa okhaokha."

"Msamphawu si wanga," adayankha Sandalamu.

"Nonse mumatero."

"Anzako ali kuti?"

"Auluka. Ine mapiko sanakhwime."

Sandalamu ankadziwa kuti kuonjola msampha wa mwini ndi mlandu, ndipo kwa mkamwini ndi mlandu wonyamulitsa mkeka. Adayang'ana kum'mawa. Adayang'ana kumadzulo. Adayang'ana kamwendo kaja.

"Nanenso anzanga ali kutali," adatero. Adakaonjola, adakaika m'dengu, n'kuvundikira ndi udzu.

Atafika kunyumba adatseka chitseko dzuwa likuswa mtengo. Nankhoma adavundukula dengu.

"Mwabwera ndi ndiwo?"

"Ndabwera ndi wodwala."

"Wodwala wa mumsampha wa yani?"

Sandalamu adayamba kukanda m'mutu.

"Wa malume!" adanong'ona Nankhoma atagwira pakamwa. "Bambo inu, mwawasowa mapiri? Akamva, uyu alowa mumphika, inu mulowa mumsewu."

Adalankhula choncho, koma manja ake adali atatereka kale madzi pamoto. Madzi atafunda adathiramo kamchere kuti atsukire bala.

Katsekwe kadatukula khosi. "Madzi otentha ndawaona. Mchere ndauona. Kwatsala tomato."

"Khala chete, ndi mankhwala," adatero Nankhoma.

"Mankhwala a ine kapena a njala yanu?"

Adatsuka balalo. Sandalamu adang'amba bango, adasema timitengo tiwiri tosalala, adawongola fupa, n'kuika kamtengo uku, kamtengo uku. Kenako adatenga luzi. Adakulunga, adakoka, adamanga. Adamanga monga amamangira nkhokwe yoti ipirire mphepo ya mkuntho.

"Popeza ndakupeza tsiku la chizimalupsa," adatero, "dzina lako ndiwe Mvula."

Adamuyalira udzu wofewa kuseri kwa mtsuko. Adamuikira madzi m'phale. Adamunyowetsera gaga, n'kumadulira msipu wanthete umene ankachita kukausaka pakati pa dambo. Mvula ankadya, koma pakudya paliponse ankati, "Ndikudziwa, mukundinenepetsa."

Tsono mverani apa. Luzi lija lidathina. Phazi la Mvula lidayamba kutupa, lidayamba kutentha, lidayamba kugunda ngati ng'oma. M'mawa uliwonse Sandalamu ankafunsa kuti, "Mwendo uli bwanji?" Mvula ankabisa phazi m'nthenga n'kuyankha kuti, "Uli bwino zedi. Mawa ndivina." Mumtima ankati, wodwala wosachira malo ake ndi mumphika, ine ndisawapatse chifukwa.

Kunjaku mvula yeniyeni idangoti zii. Anthu adakonza mizere, adasankha mbewu, adanola makasu. Kumwamba kudalibe ngakhale kamtambo kongodutsa popita kwina.

Mayi Nangondo, ali kuseri kwa nkhokwe yawo, adayamba kuona zinthu. Adaona zidendene za mkamwini zikuchokera kuchitsime ndi ndowa, mwamuna wamkulu kutunga madzi mkazi wake ali bwinobwino. Adaona nkhongo ya mkamwini ikulowa m'nyumba ndi udzu wobiriwira, pomwe mbuzi zonse za m'mudzi zinkadya makungwa. Adaona chitseko chotseka masana, kutentha konseko.

Adaitana mwana wawo.

"Iwe Nankhoma, madzi onse aja akupita kuti?"

"Bambo akumva ludzu, mayi."

"Nanga udzu?"

"Akuyesa kaluso katsopano ka lichero."

Nthawi yomweyo m'nyumba muja mudamveka mawu: "Haa! Haa! Haa!"

"Nanga chimenecho?"

"Ndi chifuwa cha bambo."

"Chifuwa chimenecho chili ndi mlomo," adatero mayi Nangondo.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, adatenga kadengu ngati akukathyola chisoso, n'kukawerama kuseri kwa nyumba ya mkamwini, pomwe padalibe chisoso ngakhale chouma. Adagunditsa khutu kukhoma. Mkatimo Sandalamu ankalankhula ndi mkazi wake.

"Mvula ndamumanga bwino," adatero. "Asatuluke. Akangotuluka, anthu amuona, ndipo ife tapsa."

"Akuti akufuna kudambo," adatero Nankhoma.

"Kudambo kukatani? Madzi ake onse ali m'nyumba muno. Akhale momwemo mpaka ine nditanena."

Kadengu kadagwa. Mayi Nangondo adathamanga, ndipo fumbi lawo lidafika kwa a Chimbalanga iwo atakhala kale pansi.

"Achimwene, tatha! Mkamwini wamanga mvula!"

"Mwamva kwa yani, achemwali?"

"Ndi makutu angawa. Akuti ili m'nyumba, madzi ake onse ali momwemo. Ndipotu sakunena kuti 'ndaimanga' ngati mmene tinenera tonse. Akuti 'ndamumanga'. Mvula akuyitchula ngati munthu! Ndiye kuti amadziwana, amadyera limodzi."

A Chimbalanga adagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndimadabwa. Msampha wanga ndidaupeza wofwamphuka, muli nthenga koma mulibe kanthu. Ndiye kuti wamanganso ndiwo. Koma mudamufunsa?"

"Ndimufunse ine? Mkamwini? Ndi nkhope iti?"

"Nanga Nankhoma?"

"Ameneyo wamangidwa kale pakamwa."

Nkhani idayenda. Pochoka pakhomo la a Chimbalanga, mvula idali mumtsuko. Pofika kuchitsime, mphezi idali pansi pa mphasa. Pofika kumapeto kwa mudzi, mitambo adali ataipinda ngati zofunda n'kuipachika kudenga.

Kutacha, mudzi wonse udali pakhomo pa Sandalamu, makasu osowa ntchito ali m'manja. Mayi Nangondo adaima patali pang'ono atafulatira, chifukwa mfiti ingakhale mfiti, ikakhala mkamwini manyazi amakhalapobe.

"Sandalamu, tuluka!" adakuwa a Chimbalanga.

Sandalamu adatuluka n'kunjuta pansi. "Wawa, malume."

"Masula mvula."

"Mvula yake iti, malume?"

"Imvani! Akuti yake iti! Ndiye kuti ali nazo zambiri!" adakuwa wina m'gulumo.

"Mvula ili kuti?" adafunsanso a Chimbalanga. "Ili kuti? Ndikuti ili kuti?"

Pachitseko padasuzumira kamutu ka khosi lalitali.

"Ndili pano," kadatero. "Akundifuna ndani? Ngati ali ndi mpeni, muwauze kuti ndachokapo."

Anthu adabwerera m'mbuyo kamodzin'kamodzi, ena adapondana. "Wayisandutsa mbalame! Onani, wayimanga mwendo kuti isakwere kumwamba!"

Sandalamu adanyamula Mvula n'kumufungatira. Adafotokoza za dambo, adafotokoza za fupa, adafotokoza za dzina. Akufotokoza, a Chimbalanga ankayang'ana nthenga za tsekweyo, ndipo adazizindikira.

"Chabwino," adatero. "Masula luzilo tione. Mvula ikagwa, ndiwe mfiti, unyamule mkeka. Ikapanda kugwa, ameneyo ndi tsekwe wamba wa mumsampha wanga. Ine ndimudya, iwe ndiwe wakuba, unyamule mkeka."

"Malume, fupa silinagwirane. Ndikamasula lero, mwendo upindika, sadzayendanso."

"Mumphika sayendamo."

Sandalamu adayang'ana nyumba imene adamanga ndi manja ake. Adayang'ana Nankhoma. Adayang'ana kamwendo ka timitengo.

"Nankhoma, ndipatse mkeka," adatero. "Ndipita ndi wodwala wanga. Kumasula sindimasula."

Nankhoma sadapite kukatenga mkeka. Adapita kukagwada kumbuyo kwa mayi ake.

"Mayi, mbuzi zonse zothyoka za m'mudzi muno mudazimanga ndinu. Mwendo wothyoka mumaudziwa. Ngati maso ali ndi manyazi, dzanja lilibe. Gwirani nokha mumve ngati ili mvula kapena fupa."

Mayi Nangondo adang'ung'udza, adadzuma, kenako adayamba kuyenda chafutambuyo, dzanja atalitambasulira kumbuyo, Nankhoma akuwalondolera. "Kumanzere, mayi. Ayi, imeneyo ndi mphuno ya bambo. Tsitsani."

Dzanja lidafika pamwendo. Lidapapasa timitengo. Lidapapasa luzi. Lidatsika mpaka kuphazi lija linkabisidwa m'nthenga, ndipo lidaima pomwepo.

"Nankhoma."

"Mayi."

"Uwauze amuna akowa kuti uwu ndi mwendo, si nkhokwe."

"Bambo, akuti uwu ndi mwendo..."

"Uwauze kuti ndamva," adatero Sandalamu.

"Uwauze kuti phazi latupa ngati dzungu ndipo likutentha ngati mbatata yootcha. Magazi sakudutsa. Likagona chonchi, phazi lifa, ndipo mwini wake atsatira."

Sandalamu adatembenuza Mvula n'kuona phazilo koyamba. Thukuta lidamutuluka.

"Iwe Mvula! Suja unkati mawa uvina?"

"Ndinkaopa mphika," adayankha Mvula ndi mawu aang'ono.

Mayi Nangondo adayesa kumasula mfundo chakumbuyo. Idakana. Nankhoma adayesa ndi zikhadabo. Idakana. Sandalamu mwiniwake adayesa ndi mano. Mfundo ya Sandalamu sidziwa mwini.

"Bweretsani mpeni," adatero mayi Nangondo.

A Chimbalanga adasolola wawo, wonola kale, n'kuuika m'dzanja la mlongo wawo. Mvula adaona mpeni ukunyezimira. Adaona dzanja likubwera. Adaona anthu akumeza malovu.

"Ndinanena ine!" adakuwa, n'kuluma chala cha mayi Nangondo ndi mphamvu zonse za gaga uja.

"Mayo ine!"

Mayi Nangondo adatembenuka osaganiza, ndipo adapezeka ali maso ndi maso ndi mkamwini wawo.

Ngakhale ntchentche zidaima m'malere. Mayi Nangondo adayang'ana nkhope imene adali asanaionepo. Padalibe nyanga. Padalibe mano otuluka. Padali munthu wothothoka tsitsi pang'ono, thukuta lili kamukamu, misozi ili m'maso chifukwa cha phazi la mbalame.

"Kani maso ake ndi awiri ngati a anthu onse?" adatero.

Sandalamu adagwetsa nkhope. "Pepani, amayi."

"Kupepesa mupepesa mawa. Gwirani mapikowo, ndipo mlomowo muutseke."

Amenewo ndiwo adali mawu oyamba amene awiriwo adalankhulana popanda wotuma. Sandalamu adagwira mapiko, Nankhoma adagwira mlomo, mayi Nangondo adalowetsa mpeni pansi pa luzi, n'kudula.

Anthu onse adayang'ana kumwamba. Ena adavundikira mitu ndi malichero. Mayi wina adathamanga kukaanula ufa. Adadikira. Adadikira. Adadikirabe. Kumwamba kudali mbee, ngati mbale yotsuka.

"Basi," adatero a Chimbalanga akupukusa manja. "Ndi tsekwe wamba. Bweretsani kuno ndiwo zanga, ndipo mkamwini ayambepo."

Mayi Nangondo adali atang'amba kale kansalu kumpango wawo. Adabwezera timitengo, adakulunga mofewa, n'kusiya mpata woti kaudzu kalowe pakati pa nsalu ndi mwendo. Atamaliza adatukula chala chawo chamagazi kuti aliyense aone.

"Achimwene, ichi n'chiyani?"

"Ndi chala."

"Wachiluma ndani?"

"Tsekwe."

"Tsekwe wa yani?"

A Chimbalanga adauzindikira msampha wa funsolo. Akati ndi wawo, mlandu wa magazi a mlongo wawo ukadagwera pakhomo pawo.

"Ndiye mlandu uli pakati pa ine ndi mbalameyi," adatero mayi Nangondo. "Wolakwa sangadyedwe mlandu usanakambidwe. Ndipo amene anaona bwino kulumako ndi mkamwini wangayu, chifukwa ndiye anali pafupi. Mboni sisamuka mlandu usanathe."

"Tiukamba liti?"

"Ndikuuzani."

Kuyambira tsiku limenelo Mvula adatuluka kuseri kwa mtsuko n'kumakhala pamthunzi wa nkhokwe. Sandalamu ankabweretsa msipu. Nankhoma ankasintha madzi. Mayi Nangondo ankamasula nsalu m'mawa uliwonse, kusisita phazi ndi madzi ofunda, n'kumanganso. Pomanga ankamuonetsa mkamwini. "Mwaona? Kumanga kwa chamoyo n'kumeneku." Sandalamu ankayankha yekha, "Ndaona, amayi."

Phazi lidaphwa. Mvula adaima. Adatsimphina. Adayenda.

A Chimbalanga adabwera. "Achemwali, mlandu uja?"

"Wolakwa akadali kuchipatala."

Adabweranso. "Achemwali, mlandu uja?"

"Chala sichinapole. Ndiloza bwanji wolakwa?"

Adabwera kachitatu. "Achemwali, mlandu uja?"

"Mboni yapita kudambo."

Mvula yeniyeni idadzabwera yokha, tsiku lake, popanda woyimasula. Idagwa moti achule adakwera m'mitengo, ndipo milamba ija idabwerera kuchitsime kudzabweza madzi aja idapempha. Dambo lidadzaza. Atsekwe adabwerako, akulira m'mwamba.

Sandalamu, Nankhoma ndi mayi Nangondo adaperekeza Mvula mpaka m'mphepete mwa madzi. Timitengo adali atachotsa. Mvula adaviika phazi limodzi, adaviika linalo, adapalasa mozungulira, n'kubwerera kumtunda. Adawayang'ana ndi diso limodzi.

"Ndiye simundidya?"

"Pita, iwe," adatero Sandalamu.

"Kapena mukudikira ndikule?"

"Pita ndisanakumbuke chala changa," adatero mayi Nangondo.

Mvula adathamanga pamwamba pa madzi ndi miyendo yonse iwiri, adakupiza mapiko, n'kukwera. Adazungulira mudzi kamodzi, adasiya kachizindikiro koyera pa dazi la a Chimbalanga, n'kutsata anzake.

Wolakwa atathawa, mlandu sudakambidwe. Mlandu wosakambidwa sutha. Choncho mboni sidasamuke. Sandalamu adakalambira kwa Katope, adabereka ana, adaona zidzukulu, ndipo a Chimbalanga mpaka mano adatha mkamwa ankafunsabe kuti, "Achemwali, mlandu uja?"

Mukapita kudambo lero mukapeza tsekwe ataima ndi mwendo umodzi, winawo ataubisa m'nthenga. Mukamuyandikira akuyang'anani chammbali ndi diso limodzi. Musadabwe. Ndi zidzukulu za Mvula, zikukayikirabe kuti tomato ali m'njira.

Tsono phunziro lake nali. Apongozi adakayikira, pang'ono apirikitse munthu wabwino. Mkamwini adakayikira, adabisa wodwala kwa munthu yekhayo amene ankadziwa kumanga mwendo. Tsekwe adakayikira, pang'ono ataye phazi. Onse atatu mankhwala awo adali amodzi: kufunsa ndi kunena. Ukamva mawu kuseri kwa khoma, zungulira ukagogode pachitseko. Ukamva kuwawa, uza amene akukusamala. Ndipo ukamamanga chinthu chopuma, siya mpata.

Nthano yanga ndaimangira pomwepa, ndipo mfundo yake ndi ya Sandalamu. Wofuna kuyimasula abwere ndi mpeni wake, koma asamale chala.